Ng'ona M'nyumba ya Mkamwini

Tsiku limene Ida anamuona Useni koyamba, anamupeza atanjuta pakati pa nandolo wa kuseri kwa nyumba yake, msana atalozetsa kunjira, nkhope ili kuphiri. Ida anali atasenza ndowa ya madzi. Anaima n'kuganiza zinthu ziwiri, zonse zoipa: mwina munthuyu akuba nandolo, mwina akuchita zija anthu amachita patchire. Kukuwa kunamukanika, pakuti Ida anali wamanyazi chibadwire. Anangotsokomola.

"Pepani mayi, sindine wakuba," anatero munthuyo osacheuka. "Apongozi akubwera."

Zoonadi, m'kanjira kochokera kumjigo munkabwera Abiti Majid, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana ndi ya Ida, mpango woyera uli kumutu. Nawonso atangoona malaya a munthuyo mu nandolo muja anaima, n'kutembenukira kumtengo wa mango ngati pali chimene chawatayika m'nthambi.

"Mayi, tawafunsani apongozi kuti adzuka bwanji," anatero wa mu nandolo uja.

Ida anayang'ana uku, n'kuyang'ana uko. Anthu awiriwo anali moyandikana kwambiri, moti wina akanayetsemula mnzake akanamva kamphepo.

"Akuti mwadzuka bwanji," anatero Ida chapansipansi.

"Auzeni akamwini kuti tadzuka. Auzeninso kuti udzu wa m'munda mwanga nawonso wadzuka bwino, ukuwapatsa moni."

"Akuti adzuka bwino," anatero Ida.

"Auzeni kuti moni wa udzuwo ndaulandira. Ndidzauzonda dzuwa likazizira."

"Auzeni kuti dzuwa la kuno silizizira, akafunse kwawo ku Chileka."

Umu ndi mmene Ida anapezera ntchito imene sanaifunsire. Iye pamalopo anali wobwera. Kwawo kunali ku Madziabango, ndipo ku Lirangwe anabwera ndi mwamuna wake, a Isaki, amene ankagwira ntchito ya njanji. A Isaki atamwalira, Ida anatsala m'kanyumba kamene anagula m'mphepete mwa mudzi wa Abiti Majid, iye ndi mwana wake Thandizo ndi makina osokera. Munthu wa mu nandolo uja anali Useni, amene anali atangokwatira kumene Sikina, mwana wotsiriza wa Abiti Majid, n'kudzamanga nyumba kuchikamwini monga mwa mwambo.

Mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana. Sayang'anana m'maso, sakhala pamkeka umodzi, sadyera pamodzi, za kugwirana chanza ndiye musanene n'komwe. M'mabanja ambiri mwambowu unali utafooka kale, moti apongozi ena ankakwera kabaza wa akamwini awo atawagwira m'chiuno, msika wonse ukuona. Koma osati Abiti Majid. Iwo ankausunga ngati nthawi ya swala ya kumzikiti, ndipo ankanyoza poyera amayi onse amene anautaya. Vuto linali lakuti anali ndi zambiri zoti amuuze mkamwini wawoyo, ndipo mkamwiniyo anali ndi zambiri zoti ayankhe. Sikina anayesapo kukhala wapakati, koma ankangofa ndi phwete uthenga usanafike. Khonde la Ida linali pakati pa nyumba ziwirizo, mwini khondelo anali wa kutchalitchi, wopanda mbali, ndipo pakamwa pake sipankadontha. Basi zinangokhazikika. Abiti Majid ankaima mbali ino ya makina osokera atayang'ana kumango, Useni mbali inayo atayang'ana kunkhokwe, Ida pakati akupalasa makina, manyazi ali tho.

Ida anasanduka sefa. Mawu ankalowa mwa iye ali ndi madeya, n'kutuluka ufa wokhawokha. Abiti Majid akati, "Auzeni kuti mkamwini asamakule mwendo," Ida ankati, "Akuti muzifatsa." Useni akati, "Auzeni kuti mwendowu ndinabadwa nawo, nsapato ndiye zimandichepa," Ida ankati, "Akuti amva." Onse awiri ankamva zonse ndi makutu awo, madeya ndi ufa womwe, koma mwambo unkati chimene chafika ndi chokhacho chimene chadzera mwa Ida. Choncho kwa zaka zambiri panalibe amene anatukwana mnzake.

Useni anakulira ku Chileka, kufupi ndi mpanda wa bwalo la ndege. Ankati ali mwana ankatha kudziwa ndege ndi kulira kwake kokha, ndiponso kuti khosi lake linazolowera kuyang'ana kumwamba, n'chifukwa chake kuwerama ndi khasu kunkamupatsa chizungulire. Manja ake sankadana ndi ntchito, ankangosankha. Pamsika wa Lirangwe anali ndi kathebulo pakhonde la golosale, pamene ankakonza mawailesi, matochi ndi mafoni. Chinthu chikakhala ndi waya, Useni ankachikonda ngati mbale wake. Anapangapo makina otchajira foni ndi dayinamo ya njinga, mwini foni n'kumapalasa yekha mpaka thukuta. Anapangapo belu loopseza anyani m'munda, limene linaopseza ng'ombe za eni ake n'kusiya anyani akudya mondokwa mwamtendere. Chilichonse chatsopano chikamveka ku Blantyre, Useni tulo tinkamuthawa mpaka atachigwira ndi manja. Sikina ankadandaula, koma ankadandaula akuseka. Anabereka naye ana atatu, ndipo ankati nyumba imene muli Useni mungasowe ndiwo koma simungasowe nkhani.

Kanema amene anadzautsa mlandu anabwera chaka chija cha mizere ya mafuta, pamene magalimoto ankagona pamafilingi ngati ali pamaliro. Msuweni wa Useni, dzina lake Bilal, anabwera kuchokera ku Joni ndi kanema wamkulu ngati chitseko, wopyapyala ngati lichero. Useni anapita ku Chileka kukamulonjera. Bilal anamukhazika pampando, anamuveka magalasi akuda, n'kuyatsa. Nsomba inatuluka m'kanemamo, inasambira m'malere, n'kudzaima pamphuno pa Useni. Munthu anabwerera ku Lirangwe thupi lokha, mtima utatsala ku Chileka.

Bilal kanemayo anali atatopa naye. Chimbale cha zithunzi zotuluka chinali chimodzi chokha, ndipo china sichinkapezeka ngakhale ku Limbe. Komanso iye ankakonzekera ukwati, ndipo ankafuna mbuzi. Anagwirizana: njinga ya Useni ndi mbuzi ziwiri zonenepa. Njinga Useni anali nayo. Mbuzi analibe. Koma m'khola la Abiti Majid munali mbuzi ziwiri zofula, zonona mpaka kunyezimira, zimene ankazisungira sadaka ya malemu amuna awo, bambo ake a Sikina. Tsiku lina mudzi wonse uli kumaliro kutsidya kwa njanji, mbuzi zija zinapita ku Chileka.

Ida anamuona Useni akubwera madzulo a tsikulo kuchokera kumsewu waukulu. Kunali chiperoni, dzuwa osaoneka n'komwe, koma Useni anali atavala magalasi akuda bii, akukankha wilibala, chikatoni chitafunditsidwa chitenje cha Sikina ngati mkwatibwi.

"Amake Thandizo!" anakuwa. "Lero dziko lalowa m'mudzi muno. Thirii dii! Nsomba zizibwera zokha m'nyumba."

"Nanga njinga?" anafunsa Ida.

"Njinga ikupuma."

Za mbuzi Ida sanafunse. Khola linali pululu, ndipo iye anali ataona kale.

Abiti Majid sanakuwe. Akanakuwa zikanakhalako bwino. M'mawa mwake anabwera pakhonde la Ida, anaima malo awo a masiku onse, n'kudikira mpaka Useni atafika kunkhokwe kwake.

"Muuzeni munthuyo," anatero, ndipo Ida anasiya kupalasa makina, pakuti aka kanali koyamba kuti Abiti Majid asanene kuti akamwini. "Muuzeni kuti wadya mbuzi za munthu wakufa. Ankhoswe ndawaitana, abwera Lamulungu likudzali. Apinde bulangete lake."

Apa panalibe chosefa. Mkamwini akachotsedwa pamudzi amachoka ndi bulangete basi. Nyumba imatsala, ana amatsala, mkazi amatsala. Ida anayang'ana ulusi wa pamakina nthawi yaitali.

"Akuti ankhoswe abwera Lamulungu," anatero. "Akuti mupinde bulangete."

Anadikira nthabwala ya Useni, koma sinabwere.

"Auzeni kuti ndamva," anatero Useni.

Sikina anabwera kwa Ida masana a tsikulo maso atafiira. "Sadaka ya bambo anga, amake Thandizo! Ndikanatha ndikanamuswa mutu ndi chikanema chakecho." Anafwenthera m'chitenje. "Koma akapita, anawa ndidzawauza chiyani? Amayi akanena anena. Amalume Fikirini satsutsana nawo, amawaopa ngati mphenzi."

Koma mlandu ndi mlandu, kanema ndi kanema. Mbiri inali itafika kale m'midzi yonse ya kwa Chigaru kuti kwa Che Useni kuli kanema wotuluka. Useni anabwereka kajenereta kwa wometa tsitsi wa pamsika, anagula petulo wa m'botolo kwa mavenda, anatseka mawindo ndi mabulangete, anthu n'kuyamba kufika. Magalasi anali awiri okha, choncho anthu ankaonera awiriawiri, otsalawo atadzazana kumbuyo. Ukayang'ana wopanda magalasi zithunzi zinkaoneka ziwiriziwiri, mbuu, ngati mmene amaonera munthu wakhuta kachasu. Ndiye osavala magalasiwo ankaonera anzawo ovalawo, ndipo ena ankati kanema weniweni ndi ameneyo.

Mayi wina anabwera ndi lichero kuti awole usipa. Wina anatchera beseni pansi pa kanemayo kuopa kuti madzi anyowetsa mkeka. Che Fikirini, amalume a Sikina, omwe anali ankhoswe oti adzaweruze mlandu Lamulungu, anabwera nkhope ili gwa, akuti adzaone umboni. Anatuluka kofia ili m'manja, akupuma ngati athamangitsidwa ndi njuchi, ndipo mawa lake anabweranso kudzaona umboniwo kachiwiri.

Ida naye anavala. Anaonera mwakachetechete, manja atapinda, koma zonse anazisunga m'mutu monga ankasungira miyeso ya madiresi. Poyamba zinkabwera tinsomba tamawangamawanga. Kenako kamba wamkulu ankadutsa pamutu pako mwaulesi. Kenako chithunzi chinkasintha n'kukhala mtsinje wamatope, wodekha, ng'oma ikulira chapatali. Ng'oma ija ikangoti zii, ng'ona inkavuuka m'madzi kukamwa kuli yasa, n'kukugwera pachifuwa. Ida sanakuwe. Anangopeza kuti wakhala pamiyendo ya mayi wina wosamudziwa.

Pofika Lachisanu, munthu mmodzi yekha m'mudzimo ndiye anali asanaone. Kumjigo nkhani inali ya ng'ona, kuchigayo ya ng'ona, pobwera kumzikiti ya ng'ona. Abiti Majid ankati zimenezo ndi za majini, munthu wopemphera sangaziyandikire. Koma Ida ali pakhonde pake anaona kuti mayiwo ayamba kukonda kusesa. Ankasesa bwalo lawo, n'kupitirira malire, n'kukafika pansi pa windo la mkamwini, pamene ankasesa malo amodzimodzi mpaka dothi kuyera, khutu atalozetsa kubulangete.

Loweruka m'mawa anabwera ndi chitenje choti Ida apinde m'mphepete. Chitenjecho chinali chopinda kale.

"Amake Thandizo," anatero, "inu mumapita kutchalitchi, simunganame. Nsombazo zimatulukadi?"

"Zimaoneka ngati zikutuluka, mayi."

"Zimanunkha?"

"Ayi."

"Hmm." Anatembenuza chitenje chija. "Mawa ndikukanena mlandu. Kodi munthu anganene mlandu wa chinthu chimene sanachione? Ndiyenera kuchiona chimene chadya mbuzi zanga. Sikuti ndikufuna. Ndi chifukwa cha mlandu."

"Inde mayi, chifukwa cha mlandu."

Koma panali mfundo yovuta kumasula. Kanemayo ankamvera Useni yekha. Waya wochokera kujenereta unali wolumikizalumikiza, wofuna munthu woti aziugwira, apo ayi zonse zinkazima. Ndiye kuti mkamwini ayenera kukhala m'chipinda momwemo, pamodzi ndi apongozi. Ida anakaitana Useni, ndipo aliyense anaima malo ake.

"Auzeni apongozi kuti nkhaniyi ndi yosavuta," anatero Useni atayang'ana kunkhokwe. Mawu ake anali ofatsa kwambiri, ndipo Ida, amene anali atawamva mawuwo zaka zonsezi, anadziwa kuti kufatsa kotere kuli ndi mchira. "Mwambo umaletsa maso kukumana. Magalasi alipo awiri, onse akuda. Iwo avale, ine ndivale. Maso awo ali m'nyumba yawo, maso anga ali m'nyumba yanga. Akumana pati?"

Abiti Majid anaitafuna nkhaniyo, anaitembenuza, osaipezera fupa.

"Muuzeni kuti akhale kukhomo, kutali. Muuzeni kuti zichitike masana ano anthu ali kumsika. Sikina atenge ana apite nawo. Pasakhale munthu wina koma inu nokha."

Dzuwa lili paliwombo, mudzi uli zii, jenereta inayamba kulira kuseri. Abiti Majid anavalira magalasi panja, Ida n'kuwalowetsa atawagwira dzanja ngati wakhungu. Anakhala pamkeka, miyendo atatambasula, msana uli njo. Useni anali kale pakampando kake kukhomo, magalasi ali kumaso, waya uli m'manja. Ida anatsamira khoma. Magalasi achitatu panalibe, choncho iye anaonera anthu.

Tinsomba tija tinabwera.

"Subuhana Llah," ananong'ona Abiti Majid. Anabweza mutu m'mbuyo. Kenako anatambasula dzanja pang'onopang'ono, n'kutsina mphepo. "Muuzeni kuti nsomba zakezi n'zowonda."

"Akuti n'zowonda."

"Auzeni kuti zonenepa zikubwera."

Kamba anadutsa. Abiti Majid anawerama kuti asawagunde, ndipo anaseka. Ida anali asanawamvepo akuseka chotero, kuseka kwa kamtsikana kamene kaba mango. Anaingitsa kansomba kena ndi nsonga ya mpango, anakalankhula, anakafunsa kuti amake ali kuti.

Apa m'pamene Ida anamva kaphokoso. Khwee. Kampando ka Useni kanali katasuntha.

"Wayayu ndi waufupi," anadandaula Useni, osauza munthu aliyense.

Ida anauyang'ana wayawo. Unali utapindikana pansi ngati njoka yogona, wokwanira kuzungulira nyumba yonse. Khwee. Chithunzi chinasintha, mtsinje wamatope unaoneka, ng'oma inayamba kulira. Khwee. Tsopano Useni anali pambali penipeni pa mkeka, atatembenuka bwinobwino mwaulemu, msana uli kwa apongozi monga mwambo ufunira. Ida anatsegula pakamwa. Anaganiza za mbuzi za malemu, anaganiza za Sikina ndi maso ake ofiira, ndi ana atatu aja. Anatseka pakamwa.

Ng'oma inati zii.

"Amao!"

Ida sanadziwe kuti m'mafupa okalamba muja munali mphamvu zotere. Abiti Majid anadzambatuka pamkeka ngati mphaka wopondedwa mchira, n'kugwira chinthu choyamba chimene manja awo anapeza. Chinthucho chinali khosi la mkamwini. Miyendo nayo inathawa pansi, pakuti pansi ndi pamene panali ng'ona, n'kukulunga m'chiuno mwake. Useni anaimirira. Waya unagwa, kanema anazima, ndipo m'chipindamo munatsala kulira kwa jenereta ndi anthu atatu: Ida atagwira pakamwa, ndi Useni ataima chilili kuyang'ana khoma, atabereka apongozi ake kumsana ngati khanda, onse awiri magalasi akuda ali kumaso.



"Amake Thandizo," anatero Useni mwaulemu wonse, "tawafunsani apongozi. Ndiwatsitse, kapena ndithawe nawo?"

Ida asanapereke n'komwe uthengawo, Abiti Majid anatsika okha, mwendo umodzi kenako unzake. Anakonza mpango, anamanganso chitenje, anatembenukira kukhoma lawo.

"Auzeni akamwini kuti palibe chimene chachitika."

"Akuti palibe chimene chachitika," anatero Ida, ndipo aka kanali koyamba m'zaka zambiri kupereka uthenga wonse osachotsapo kanthu.

"Auzeni kuti ine sindinaone kalikonse. Ndinavala magalasi," anatero Useni.

Ali panja, Abiti Majid anavula magalasi aja n'kumuyang'ana Ida m'maso, nthawi yaitali.

"Nanga inu mwaona chiyani?"

"Ine ndinalibe magalasi, mayi. Zonse zimangooneka mbuu."

Lamulungu ankhoswe anakhala pansi pa mango. Che Fikirini anakhala mbali ya Sikina, ndipo mbali ya Useni kunabwera mkulu wake kuchokera ku Chileka, munthu wooneka kuti milandu ya mng'ono wakeyo inamutopetsa kalekale. Anthu anadzaza bwalo, pakuti aliyense ankadziwa kuti lero mkamwini apita. Abiti Majid anakhala atafulatira, Useni atafulatira, Ida pakati pakampando, akulakalaka nthaka itang'ambika.

Che Fikirini anayala mlandu: mbuzi ziwiri, za sadaka, zotengedwa anthu ali kumaliro. Anafunsa ngati wolakwayo ali ndi mawu.

"Ndilibe chokana," anatero Useni. "Mbuzi ndinatenga, ndipo ndinalakwira amoyo ndi akufa omwe. Bulangete ndapinda kale." Anaima kaye, n'kuyamba kusisita khosi. "Koma ndisanapite, akuluakulu, ndimati ndidandauleko za thupi langa, kuti kwathu asakanene kuti munandimenya. Khosi ili likupweteka. Msananso. Zayamba dzulo masana. Ndipo poti pano ndi pabwalo, pamene munthu sabisa kanthu, ndimati ndifotokoze bwinobwino chimene ndinanyamula."

Abiti Majid anatsokomola. Anatsokomola kwambiri, mpaka wina anathamangira madzi.

"Amake Thandizo," anatero atamwa, "auzeni ankhoswe kuti usiku ndinagona ndikuganiza."

Che Fikirini anadabwa. "Alongo, ine ndine mlongo wanu. Mukhoza kundiuza nokha."

"Ndiye imvani. Ana atatu awa akufuna bambo. Malemu akanakhala moyo sakanalola kuti banja lithe chifukwa cha mbuzi. Akamwini abweze mbuzi ziwiri sadaka isanafike, ndipo chaka chino alime munda wanga wonse, kuyambira kumtsinje mpaka kunjanji. Nkhani yathera pomwepo."

Bwalo lonse linati kakasi. Abiti Majid kukhululuka? Mkulu wa Useni anachita kufunsa woyandikana naye ngati wamva bwino. Sikina anayang'ana amake, anayang'ana mwamuna wake, kenako anayang'ana Ida mokayikira. Che Fikirini nawo anatembenukira komweko.

"Amake Thandizo, inu mumakhala pakati pa anthu awiriwa. Chachitika n'chiyani?"

Ida anayang'ana zala za kumapazi kwake. Manyazi amene anamuvutitsa moyo wake wonse tsiku limenelo anamugwirira ntchito. Anthu anati musiyeni, mayi ameneyu ndi mmene alili.

"Nanga za khosi zija, Che Useni?" anafunsa Che Fikirini.

"Lapola," anatero Useni.

Mbuzi anabwezadi. Ng'ona ija anapita nayo kumsika, inagwira ganyu masiku a msika mpaka khola linalira mee kachiwiri, ndipo sadaka inachitika, mpunga ndi nyama mpaka anthu kumasula malamba. Munda analima, ngakhale kuti mizere yake inali yokhotakhota ngati njira ya munthu woledzera, ndipo ankalima atavala magalasi aja, akuti udzu uzioneka pafupi. Kenako anthu anaizolowera ng'onayo. Ana anayamba kuiwerengera nthawi n'kumaipatsa moni ikamavuuka. Magalasi amodzi Che Fikirini anawakhalira, chimbale chinakalika, ndipo kanema wotuluka uja anasanduka kanema wamba woonetsa mpira ndi mafilimu a ku Nigeria. Useni sanadandaule. Mtima wake unali utapita kale ku ma sola.

Abiti Majid anapitiriza kusunga mwambo, mwinanso kuposa kale. Koma anasiya kunyoza amayi okwera kabaza wa akamwini awo, ndipo anthu ankati ukalamba wawafewetsa. Pakhonde la Ida mauthenga ankadutsabe tsiku ndi tsiku, udzu unkaperekabe moni. Kungoti mawu a Abiti Majid akayamba kukwera kwambiri, Useni ankakweza dzanja n'kusisita khosi, ndipo mayiwo ankakumbukira kuti asiya mphika pamoto.

Patapita zaka, Thandizo, amene anali atakwatiwa n'kukakhazikika kumudzi kwa amake ku Madziabango, anabereka mapasa, n'kutumiza mawu kuti amayi abwere kwawo, ku Lirangwe akudikiranso chiyani. Ida anagulitsa kanyumba kaja. Tsiku lonyamuka, Sikina analira, ndipo Abiti Majid, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, anamupatsa nkhuku yoyera n'kumugwira dzanja nthawi yaitali. Useni anakweza makina osokera pawilibala yomwe ija n'kumuperekeza kumsewu waukulu. Imvi zinali zitayamba kumera m'ndevu zake.

Anadikira minibasi ataima pamthunzi. Ida anali ndi mawu amene anawasunga zaka zonsezo, ndipo anaona kuti akapanda kuwanena lero apita nawo kumanda. Anayang'ana nkhuku ili kukhwapa kwake, n'kulankhula ngati akuuza nkhukuyo.

"Che Useni, waya uja sunali waufupi."

Useni anamuyang'ana, anatsegula pakamwa, kenako anaseka mpaka kugwira wilibala kuti asagwe. Minibasi inaima. Kondakitala anakankhira makina kumbuyo, Ida anapanikizika pawindo, nkhuku pamiyendo. Galimoto itayamba kusuntha, Useni anathamangira pambali pake, akupukuta misozi ya kuseka, n'kumenya pawindo.

"Amake Thandizo, mwandilakwira! Nanga apongozi aja ndiziwanyoza kudzera mwa ndani?"